Khutu la Makaniko

9 Malichi

Amake ana,

Moni wochokera kwa ine amuna anu. Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino inu, ana athu awiri ndi amayi. Mwendo wa amayi ukupeza bwanji? Ine kuno ndilipo, kungoti thupi latopa.

Musadabwe kuona kalata ngati tabwerera m'masiku a makolo athu. Foni ndili nayo, sindinagulitse. Vuto ndi makutu. Lamulungu lija munaimba ine ndinkangoti "eya, eya," koma kunena zoona zambiri zimene munalankhula zinandidutsa. Khutu lakumanja likukhala ngati munalowa madzi posamba, ndipo mkati mwake muli nyenje yosadziwa kupuma. Kulemba pa foni nako zala zanga n'zazikulu, ndipo kafoni kanu kaja kamadula mawu pakati. Ndiye ndagwirizana ndi dalaivala wa basi uja amatinyamulira katundu kuti azinyamulanso makalata. Inunso muzilemba. Sukulu munapita patali kuposa ine, tiyeni tione phindu lake.

Nkhani yabwino ndi yoti bwana wandikweza. Sindikutsukanso matcheni ndi kusintha oyilo. Wandiika ku chipinda chimene anzanga amachitcha ku chigayo. Ndi kontena yachitsulo kuseri kwa galaja, pansi pake pali chigubu chozungulira. Njinga yamoto timaikweza pamenepo, kuimanga ndi malamba, tayala lakumbuyo pa chigubu, kenaka n'kuikoka moto mpaka pamapeto ili pamalo amodzi. Kompyuta imalemba mphamvu zake, ine ndimamvetsera. Bwana anandisankha chifukwa cha khutu, moti anzanga asiya dzina langa, akungonditcha aMakutu.

Njinga zake si zija zonyamula anthu ndi matumba kwathuko. Izi ndi za anthu a ndalama, zoti wokwera amachita kugonera pa thanki ngati akubisala ngongole. Sizinyamula kanthu, ngakhale nkhuku. Ndipo eni ake matenda awo ndi amodzi: akufuna phokoso. Kampani inavutika kuika zotsekereza m'paipi ya utsi kuti njinga izilira mwaulemu, iwo amalipira kuti tichotse. Ena amagula paipi yatsopano yonyezimira, mtengo wake woti ungafolere nyumba yathu yonse n'kutsalako ya khola la mbuzi. Tikamanga paipi yoteroyo ndimalowa nayo njinga mu kontena muja, kutseka chitseko, n'kuyamba.

Zotseka m'makutu bwana anagula, ndisamunamizire. Koma ndikavala, injini zonse zimalira mofanana, yodwala ndi yamoyo yomwe. Ndiye zimangokhala m'khosi. Khutu ndilo khasu langa kuno, likalephera ndiye kuti ntchito yabwinoyi yatha. Ndikuganiza kuti nyenjeyi ndi ya kusazolowera chabe.

Ndalama ndatumiza dzulo pa foni. Lipirani za sukulu za wachisamba wathu, zotsalazo gulani malata, ngakhale awiriawiri, muzisunga m'chipinda cha amayi. Zipupa za nyumba yatsopano zija tinamangira dothi. Zapirira dzinja limodzi ndi mapulasitiki, lachiwiri sizingapirire. Denga likwere mvula isanabwerenso. Alamu anu, mng'ono wanga uja, akabwera ndi nkhani yake ya bizinesi ya nkhumba, mupatseni madzi akumwa basi.

Ndine amuna anu.


20 Epulo

Amake ana,

Moni nonse. Ndakondwa kumva kuti ana ali bwino, ndi kuti amayi ayambanso kupita okha kudimba. Ine ndikadali moyo.

Kalata yanu ndalandira, ndipo inkatentha m'manja. Mukuti azimayi a pa mjigo akunena kuti mwamuna wosayankha foni ndiye kuti pali wina wakhala naye pambali. Chabwino, ndivomere, alipo. Ndi wofiira, ali ndi matayala awiri, ndipo anabadwa inu musanabadwe. Akundizunguza mutu, Loweruka lonse ndimathera pa iye. Kauzeni azimayiwo apeze nkhani ina. Munthu amene ndimagona naye chipinda chimodzi ndi Wamagetsi, mnzanga wa mawaya ku galaja, mkulu wa mkonono umene kale unkandisowetsa tulo. Masiku ano ndimangogonera khutu lakumanzere, lakumanja n'kuloza kumwamba, basi zii mpaka m'mawa. Nalonso vuto lili ndi ubwino wake.

Njinga yofiirayo mwini wake ndi dokotala wa mano. Inali ya malemu bambo ake, ndipo yakhala zaka m'galaja mwawo makoswe akuswerana m'bokosi la mpweya. Akufuna idzathamange mu Okotobala pa mpikisano wa njinga zakale. Ili ndi makabuleta anayi, ndipo anayiwo ayenera kupuma mofanana ngati anthu a kwaya, imodzi ikatsogola injini yonse imanjenjemera. Mphira zolumikiza makabuletawo ku injini zinauma n'kung'aluka. Kampani inasiya kalekale kupanga. Bwana wafunsa m'masitolo onse a masipeya, wafunsa ndi kunja komwe, akungomuseka.

Ndiye Loweruka ine ndi Wamagetsi timayenda m'malo ogulitsa zitsulo zakutha. Amake ana, kumeneko ndi kumanda kwa njinga. Zaunjikana milu, zambiri zopindika kutsogolo, ina chisoti cha mwini wake chikadali chokoleka pa chiwongolero, ndipo munthu sufunsa. Timafukula ndi manja, dzimbiri mpaka m'zikhadabo. Sabata yatha tinapeza mphira ziwiri zokha. Mwini malo ataona kuti maso anga awala, mtengo unakwera pomwepo.

Kumeneko kunachitika kanthu kakang'ono. Kagalimoto konyamula zitsulo kankabwerera m'mbuyo, Wamagetsi anandikoka pa kolala mpaka batani linaduka. Akuti kanaliza hutala anthu onse n'kutembenuka, kupatula ine. Sindinavulale. Musauze amayi.

Mukuti mzime wathu wayamba kulankhula ndipo pakamwa sipatsekeka. Wotengera ndikumudziwa, koma sinditchula. Ndinamusiya akukwawa mwana ameneyo. Muzindilembera mawu ake momwe amawatchulira, osakonza. Ndamva kuti simenti yakwera, isiyeni kaye, malata ndiwo atsogole.

Ndine amuna anu, wopanda wina pambali.


2 Juni

Amake ana,

Moni kwa inu ndi onse a pakhomo. Ndikhulupirira kuti chifuwa cha wachisamba chatha. Kuno kwazizira, masipanala akuluma m'manja m'mawa. Mwa dalaivala ndatumiza majuzi awiri a ana ndi nsapato za amayi. Zikakula musabweze, avale ndi masokosi.

Mphira zinapezeka zonse zinayi. Ziwiri zotsala zija tinazipeza kwa mkulu wina wopuma pa ntchito amene amasunga mainjini m'chipinda chochezera alendo. Mkazi wake anatiperekeza mpaka pageti, kutipempha kuti tidzabwerenso ndi lole. Mphirazo tinaziviika m'madzi otentha kuti zifewe, n'kuzimanga. Lachitatu njinga inalira koyamba. Utsi unadzaza galaja, ndipo khoswe womaliza anatuluka ali liwiro la mtondo wadooka.

Tsopano yatsala ntchito ya khutu. Ife amakaniko tikafuna kumva za mkati mwa injini timatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga pa injini, chigwiriro pa khutu. Lakumanja silikundipatsanso kanthu. Lakumanzere limamva, koma likagwira ntchito m'mawa, masana limakhala litatopa, anthu amamveka ngati akulankhulira m'chidebe. Ndiye ndatulukira njira ina: chigwiriro ndimachiluma ndi mano. Kulira kwa injini kumadutsa m'nsagwada n'kukafika m'mutu bwinobwino. Bwana sakudziwa kanthu. Akalankhula ali kumbuyo kwanga, Wamagetsi amandigenda ndi kanati kumwendo, ine n'kutembenuka ngati ndamva.

Dzana dokotala anandipeza nditaluma sikuludiraiva.

"Iwe, mano amenewo ndi ako kapena wabwereka?" anandifunsa.

"Ndi anga, adokotala."

"Ndiye uwasamale. Ukathyola limodzi, malipiro ako onse a mwezi adzathera kwa ine."

Anaseka, inenso ndinaseka. Kenaka iye anasiya kuseka. Anazungulira n'kukaima kumanja kwanga, ndinaona m'mbali mwa diso kuti milomo yake ikuyenda. Anabwerera kumanzere.

"Ndakufunsa kuti uli ndi ana angati," anatero. "Zinayamba liti?"

Ndinati ndi chimfine. Anayang'ana zotseka m'makutu zili lende m'khosi mwanga, n'kupukusa mutu. Wandilozera kwa mnzake woona za makutu, akuti za malipiro ndisadandaule. Ndinamupempha kuti asauze bwana.

"Ine ndine wa mano, za makutu si zanga," anatero. "Koma ukapanda kupita, ndimuuza."

Ndiye ndipita, ndilibe kuchitira mwina.

Mawu a mzime munalemba aja ndinawawerengera Wamagetsi, anaseka mpaka misozi. Mbuzi yaikazi musagulitse, ili ndi bere. Yamphongo ija ndiyo ipite, yatha anthu chimanga, ndalama yake muwonjezere pa malata.

Ndine amuna anu.


14 Julayi

Amake ana,

Moni. Ndikhulupirira kuti muli bwino nonse. Ine ndadzuka, ndapita kuntchito, ndabwerako.

Kwa wa makutu kuja ndinapita. Ndi mayi wofatsa, wa magalasi. Anandilowetsa m'kachipinda kokhala ngati kabati, kundiveka zomvera kumutu, n'kundipatsa kabatani koti ndizidina ndikamva kulira. Anatseka chitseko. Ndinakhala, kudikira kuti ayambe. Ndinadikira ndithu. Atatsegula ndinamufunsa ngati makina awonongeka, poti mwina ndingathandizepo. Anati khutu lakumanja wamaliza kale kuliyeza.

Lakumanja lapita, silibwerera. Lakumanzere latsala ngati theka, ndipo mawu opyapyala, a mbalame, a ana, a azimayi, ndiwo akuyamba kuthawa. Anandiuza mosapsatira. "Bambo, khutu silimera ngati chikhadabo. Mukapitiriza m'phokosomo, tsiku lina mudzadzuka nalonso latseka." Ndinafunsa za mankhwala, akuti kulibe. Kachipangizo kothandiza kumva kaliko, koma mtengo wake ndinachita kufunsa kawiri, ndipo si chifukwa choti sindinamve.

Chibwerereni kumeneko mutu wanga sukugwira. Ndikachoka ku chigayo ndibwerera ku matcheni ndi oyilo, ndipo malipiro ake mukuwadziwa, ndi aja tinkangodya osasungako. Denga silingakwere. Malata atsala ambiri, ndiye pali mitengo, misomali ndi mmisiri. Koma kuyambira pano mpaka Okotobala njinga zimachuluka chifukwa cha mipikisano, ndipo maola owonjezera bwana amalipira bwino. Ndikapirira mpaka pamenepo zonse zikwana.

Ndiye ndaganiza motere. Chotseka ndizivala ku khutu lakumanzere nthawi zonse. Lakumanja lizikhala pamtunda, poti lilibenso choti litaye, ndipo bwana aziona ngati ndikumvetsera nalo. Kumvetsera kwenikweni ndizichita ndi mano. Mpikisano wa dokotala ukatha ndikamuuza bwana ndekha, n'kutuluka mu kontena muja. Dokotala ndamufotokozera. Sanakondwe, wati ndine wouma mutu ngati malemu bambo ake, koma wandigulira chotseka chabwino kuposa cha bwana.

Ndikuopa, amake ana. Chikwatiraneni sindinakuuzenipo mawu amenewa, lero ndanena. Popita kuntchito ndimadutsa pa sukulu ina nthawi imene ana amakhala pabwalo. Kale ndinkadandaula kuti amasokosa. Masiku ano ndimaima pang'ono pa mpanda kuti ndione ngati ndikuwamvabe. Ndikuwamva, koma ngati ali kutsidya kwa mtsinje.

Mmisiri mukambirane naye mtengo panopa, asanayambe kufunidwa ndi aliyense. Musatenge uja anafolera tchalitchi, denga lake linauluka.

Ndine amuna anu.


25 Ogasiti

Amake ana,

Moni. Zikomo kuti nonse muli bwino. Ndilemba mwachidule, maso akulemera.

Kalata yanu ndaiwerenga kangapo. Mukuti ndisiye, tifolera ndi udzu, munakwatiwa ndi munthu osati malata. Mawu amenewo andikhudza, sindinama. Koma udzu woti ukwane nyumba imene ija muupeza kuti, poti dambo lonse anthu analima? Ndipo zaka zonsezi mwakhala mukutchera mabeseni pabedi, kusuntha ana pakati pa tulo. Ndinakulonjezani denga la malata pamaso pa malemu bambo anu. Yatsala miyezi iwiri yokha. Chotseka sindikuvula, ndikulumbira.

Wamagetsi kulibe. Apolisi anamutenga Lachisanu pokwerera basi, nkhani ya mapepala okhalira m'dziko muno. Zovala zake ndalongedza m'chikwama, ndipereka kwa dalaivala kuti akasiye kwa mkazi wake. Lendi tsopano ndikulipira ndekha, ndiye mwezi uno ndalama ichepako pang'ono. M'chipinda muno mwakula.

Kuntchito palibenso wondigenda ndi kanati. Lolemba bwana anandiitana ali kumbuyo mpaka anachita kudzandigwedeza. "Kodi wayamba mwano?" anatero. Ndinati ndinali m'maganizo a kumudzi. Tsopano ndatenga galasi la njinga ina yakugwa, ndamangirira pa benchi yanga kuti ndiziona wobwera kumbuyo. Anzanga akuti aMakutu ayamba kudzikonda, akudziyang'ana tsiku lonse. Ndimaseka nawo.

Njinga zafola mpaka panja. Uyu akufuna timusinthire magiya a tcheni kuti izinyamuka msanga, uyo akufuna mapaipi a mabuleki achitsulo, wina tichotse nyali ndi magalasi, mabawuti onse timange ndi waya kuti asamasuke pabwalo. Ndipo iliyonse isanatuluke iyenera kudutsa ku chigayo. Pofika madzulo nsagwada zimakhala zitauma, kutafuna kumavuta. Ya dokotala ikuyenda bwino, makabuleta ake ayamba kumverana.

Mitengo ya denga gulani youma, ndipo muisunge pamthunzi. Amayi muwauze kuti ndili bwino.

Ndine amuna anu.


20 Okotobala

Amake ana,

Moni. Makalata anu awiri ndinalandira, pepani kuti ndinakhala chete. Ndinkagwira cholembera n'kuchiikanso pansi. Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino. Ine thupi lili bwino.

Ndalama zomalizira denga ndatumiza. Itanani mmisiri mawa lomwe, asadikire mitambo.

Tsopano ndikuuzeni. Kutatsala sabata kuti mpikisano uchitike, tinakweza njinga ya dokotala pa chigubu komaliza. Kompyuta inati zonse zili bwino, bwana anati zonse zili bwino. Koma ndikaikoka moto kufika pamwamba, m'mano mwanga munkabwera kanthu, kakuti tiki tiki, kenaka n'kusowa. Mano amakuuza kuti kanthu kalipo, koma sakuuza pamene kali. Ndinaganiza za tcheni cha mkati mwa injini. Chimenecho chikaduka munthu ali pa liwiro, tayala limauma pomwepo, ndipo ndinaona ndi maso anga ku zitsulo zakutha kuja momwe njinga zoterozo zimabwerera. Dokotala uja wandichitira zabwino. Sindikanamupatsa njinga ili ndi mawu amene sindikuwadziwa.

Ndinavula chotseka. Ndinadziuza kuti ndi kanthawi kochepa chabe. Ndinapempha bwana kuti akhale pa njinga aziikoka moto, ine n'kugwada, mutu pafupi ndi injini, kuyenda nalo khutu lakumanzere kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Kankabwera n'kuthawa. Bwana anati, "Zisiye, palibe kanthu." Ine ndinati tiyesenso kamodzi. Kamodziko kanatha masana onse. Dzuwa litapendeka ndinakapeza.

Kanali kawashala, amake ana. Kawashala ka pa bawuti yogwira chotchinga tcheni chakunja, kanamasuka n'kumavina. Sikakanapha ngakhale ntchentche. Ndinakamanga ndi sipanala, bwana anaseka n'kundimenya paphewa.

M'mawa mwake ndinadzuka n'kuganiza kuti ndalawirira kwambiri, poti msewu unali zii. Nditatsegula katani ndinaona mabasi akudutsa, anthu akuthamangira kuntchito. Ndinatsegula mpopi, madzi ankatuluka. Ndinagogoda pa tebulo. Ndinaitana dzina lanu mokweza, ndipo ndinalimva pakhosi pokha.

Ndinakulumbirirani kuti sindivula. Koma ndinavula.

Mayi wa makutu uja anati tidikire, mwina pang'ono libwerera. Pang'ono labwereradi. Chitseko chikamenyetsedwa ndimamva, lole ikadutsa ndimamva. Mawu a anthu ayi.

Bwana ndinamuuza. Anakhala pa tayala, kenaka anang'amba katoni n'kulembapo kuti, "Bwanji sunandiuze? Pa njinga paja panakhala ine." Sanandichotse ntchito. Wandiika ku mashelefu a masipeya, kupukuta ndi kusanja zimene timachotsa ku njinga zakugwa. Malipiro ake ndi aja akale.

Ku mpikisano ndinapita, bwana anati njinga ndakonza ndine ndiyenera kuiona. Njinga zikamadutsa anthu ankatseka m'makutu, ine ndinkazimva m'chifuwa ndi kumapazi. Yofiira ija inathamanga bwino, sinatsokomole ngakhale pang'ono, inamaliza yachiwiri kuchokera kumapeto. Dokotala anatsika misozi ili mbwe, kundikumbatira, kulankhula zambirimbiri. Ndinkangogwedeza mutu. Anaima kumanzere kwanga n'kulankhulanso, kenaka chimwemwe chinamuthera pankhope. Za kawashala sakudziwa, ndipo ndamupempha bwana kuti asadzamuuze.

Musalire pamaso pa ana.

Ndine amuna anu.


1 Disembala

Amake ana,

Moni kwa inu, ana ndi amayi. Ndakondwa kuti nonse muli bwino ndi kuti mbuzi yaswa awiri. Inenso ndili bwino.

Dalaivala wandionetsa chithunzi cha nyumba pa foni yake. Ndinaigwira foniyo mpaka anachita kundilanda. Mmisiri wagwira ntchito, denga lawongoka, ndipo inu mwaima pakhomo manja m'chiuno ngati munafolera nokha. Mukuti mvula yoyamba itagwa pa malata ana anathawira pansi pa tebulo, ndipo m'nyumba simunkamvana. Ine zimenezo sizidzandivuta.

Dokotala anandigulira kachipangizo kaja. Ndinakana, iye anakasiya pa benchi n'kumapita. Kamathandiza pang'ono. Mawu a amuna a besi ndimatolako akandiyang'ana, koma a azimayi ndi ana amangokhala ngati kamphepo pa zenera. Mayi wa makutu akuti ndidzazolowera kuwerenga milomo. Yanu ndikuidziwa kale, ya ana ndiyamba kuphunzira.

Ndikubwera. Bwana amafuna ndikhale, koma ndikalipira lendi chotsala n'chochepa, ndipo kusanja mabawuti tsiku lonse ndikuona mnzanga wina akulowa mu kontena muja mtima sukundilola. Chotseka changa chabwino chija ndamusiyira mnzangayo, ndinamuveka ndekha n'kumuopseza ndi sipanala. Bwana wandipatsa bokosi la masipanala, ladzaza. Alamu anu muwauze afunse za malo aja pansi pa mtengo pamsika, pomwe njinga zonyamula anthu zimaima. Tcheni, mabuleki ndi oyilo sizifuna khutu, ndipo mano ndikadali nawo onse.

Pali zoti mundikonzeretu. Amayi muwauze ndisanafike, pang'onopang'ono, atakhala pansi. Anthu a m'mudzi muwauzenso, angamati ndabwera ndi matama poti sindikuyankha moni. Ndikamalankhula mokuwa muzindigwira dzanja, chifukwa mawu anga sindikuwamva kukula kwake. Wachisamba ndi wamkulu, amvetsa. Amene akundisowetsa mtendere ndi mzime. Sakundidziwa, ndipo adzabwera ndi nkhani zake zonse zija, ine n'kungomuyang'ana. Mumuuze kuti bambo ake sakumunyoza. Azidzandikoka buluku, ndidzagwada.

Basi inyamuka Lachinayi, ikayenda bwino ifika Loweruka masana. Pa depoti pamakhala anthu ambiri, ndipo khalidwe lanu ndikulidziwa, mudzayamba kundiitana muli patali. Musadzavutike. Ndidzaima pafupi ndi katundu wanga osasuntha. Mudzabwere cha kutsogolo, kumene ndingakuoneni, ndipo moni wake mudzanene pang'onopang'ono.

Ndine amuna anu.